Phiko si Denga

Usiku wapitawu ndinalota, anzanga, ndipo malotowo ndi amene achititsa kuti mundipeze pano ndi mabatani osemphana chonchi. A Kamowa, kokani tayala ilo mukhalepo, magalimoto sanayambe, akadali kuwayeza. A Mpinganjira, mzimbewo idyani nokha. Ine manja ali m'matumba ndipo sakutulukamo, chifukwa chake muchimva kumapeto.

Ndiyambe ndi zimene zinachitika ndili maso kuti malotowo muwamve mutu wake. Ine Likongwe mukundidziwa, ndakhoma madenga zaka makumi atatu ndi zinayi, kuyambira ku Lunzu mpaka ku Thondwe, ndipo palibe munthu anatcherapo beseni pakati pa nyumba chifukwa cha ine. Mwana wanga Ndaziona ndi makaniko. Kagalimoto kofiira mukukaona apo, kolembedwa 27 pachitseko, kanali takisi yakufa, iye anakadzutsa ndi manja ake, ndiye lero apikisana nako pabwalo la ndege lakaleli. Pamwamba pa buti anaikapo phiko, lija likuoneka ngati benchi la ana a sukulu. Laima pa miyendo iwiri yachitsulo. Mwendo uliwonse uli ndi mabowo okwezera ndi kutsitsira, ndipo kumutu kwake kuli timabowo tina topendeketsera, toyandikana ngati mano a chipeso.

Lachitatu lapitali anandifotokozera, ine ndikumugwirira tepi. Anati phiko la ndege limanyamula, koma ili ndi lozondoka, ntchito yake ndi kukanikiza. Mlomo wakutsogolo uyang'ane pansi, wakumbuyo ukwere, ndiye mphepo ikamenya imapondereza matayala akumbuyo kuti agwire phula. Liyeneranso kukhala m'mwamba, molingana ndi denga la galimoto, chifukwa m'munsi mphepo imafika itatopa kale. Ukalipendeketsa kwambiri galimoto imalemera pothamanga, ukachepetsa imaterereka pokhota. Iye anayesa masabata atatu mpaka anapeza pake: bowo lachinayi kukwera, bowo lachitatu kupendeka.

"Ababa," anatero, "pa khona ya kumapeto ija ndimafika ndi liwiro loti matayala akumbuyo akangopepuka, ndikathera m'mabulugamu. Chonde, ichi chokha musachigwire."

"Ndichigwire ndi changa?" ndinayankha motero.

Dzulo madzulo kunagwa mvula, mwini wake atapita kukagula petulo. Itakata ndinatuluka panja, ndiye ndinaona madzi atadikha pa phikopo, ena akusefukira kutsogolo n'kumatsikira pagalasi. Anzanga, inu ndinu amisiri, mundimvetsa. Denga lothira madzi kukhomo kwa mwini wake! Pakhomo pa Likongwe! Ndinazungulira galimotoyo kawiri, ndinalowa m'nyumba, ndinatulukanso. Kachitatu ndinatuluka ndi sipanala. Ndinalitsitsa mabowo awiri, poti denga lalitali ndi ndiwo za mphepo, n'kulipendeketsera kumbuyo monga tichitira khonde. Sindinachite zambiri, zala ziwiri basi, zoti munthu wofulumira sangazione. Madzi anatsetsereka bwinobwino, mtima wanga unakhala pansi, ndinafunditsa lona. Mwana atabwera tinadya, ine osanena kanthu, n'kukagona.

Ndiye ndinapezeka ndili pano pomwe, dzuwa lili paliwombo, koma bwalo lonseli linali la malata, oyalidwa kuchokera kuno mpaka kumabulugamu. Ndinayamba ndayang'ana kaye mizere ya misomali, n'kuona kuti ndi dzanja langa. M'kamwa mwanga munali misomali ya malata, monga ndichitira ndikakhala pamwamba, itatu tsaya ili, itatu tsaya linali. Sindinadabwe nazo. Inunso munalipo a Kamowa, mutavala diresi la akazi anu, ndipo linakukhalani.

Woyambitsa mpikisano anakweza mbendera, mbenderayo inayetsemula, ndiye magalimoto ananyamuka. Yofiira ija inali yachiwiri, kenako yoyamba, ndiye inafika pa khona ya kumapeto. Matayala akumbuyo anadzuka pang'onopang'ono ngati nkhalamba ikudzuka pampando, akutsogolo anatsatira, ndipo galimoto inadutsa pamwamba pa mabulugamu itayatsa indiketa ya kumanzere. Ndaziona anali phee pachiwongolero, akusintha magiya. Anthu anaomba m'manja, wogulitsa mazira owiritsa anapitiriza malonda ake.

Mwadzidzidzi levulo yanga, ija ya kathovu yoonera ngati denga lapendeka, imene inali m'thumba lakumbuyo, inatsokomola.

"A Likongwe, zija zayamba."

"Ziti?" ndinafunsa, mawu akudutsa pakati pa misomali.

"Musandifunse ngati mlendo. Ndinalipo ine dzulo. Kathovu kanga munakathamangitsira kumene munafuna inu."

"Khala chete iwe, ndiwe chida."

"Ndine chida, inde, koma ndili ndi diso."

Ndiye makwerero anga anabwera okha, akutsimphina, akudandaula za phazi lawo lakumanzere limene ndinalimanga ndi waya chaka chijachi n'kulonjeza kuti ndidzalikhoma bwino. Anaima patsogolo panga n'kufunsa kuti atsamire pati. Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe khoma, panalibe mtengo. Ndinawauza kuti atsamire pa mphepo. Iwo anati, "Ha, mwayamba liti kuikhulupirira mphepo?" Koma anatsamira, ndipo ndinayamba kukwera.

Ndinakwera, ndinakwera, mpaka ndinapeza migolo iwiri itaima pamtambo, mtengo wa bulugamu utapingasa pamwamba pake. Pambali panali wapolisi wa pamsewu, magolovesi oyera mbee, buku m'khwapa. Anakweza dzanja, ine ndinaimitsa makwerero. Pamene ankatsegula bukulo yunifolomu yake inasanduka yobiriwira, kenako inatenga mtundu wa malaya anga, ndiye maso ake anasiyana njira, lina kuyang'ana ine, lina kutsatira galimoto. Ndikamati ndione bwino, anali nanzikambe, chipewa chokha ndi chimene chinatsala.

"Galimoto yofiira ija ndi yanu?"

"Ndi ya mwana wanga, bwana."

"Yadutsa pano osaima." Anakweza cholembera, dzanja linapita kutsogolo, linabwerera, linapitanso. "Kudutsa pambali ndi mlandu. Kudutsa pansi ndi mlandu. Kudutsa pamwamba sitinalembe m'buku, ndiye mudikire tilembe."

"Bwana, mwana akupita."

"Aliyense akupita, bambo. Ine ndinanyamuka kwathu chaka chatha, ndikupitabe." Diso lotsatira galimoto lija linatembenuka, onse awiri anakumana pa ine. "Phiko lija analigwira ndani?"

Ndinasuntha misomali ndi lilime. "Mphepo, bwana."

Nditangotero ndinamva kuti khwa! ngati bawuti likulowa m'bowo, ndipo galimoto inakwera sitepe imodzi. Inali yaikulu ngati wilibala, tsopano inatsala ngati mtanda wa sopo. Nanzikambe analemba chilembo chimodzi, anapuma, n'kundiuza kuti nkhani za mphepo si za pamsewu, ndipite ku ofesi ya zouluka. Ananyamula mtengo uja ndi mchira, ine ndinadutsa.

Ndiye makwerero anathera pa chitseko. Chinali chitseko chokha, chopanda khoma, chopanda denga, choti ndikanatha kuchizungulira, koma ndinaleredwa bwino, ndinagogoda. Chitseko chinati, "Pukutani mapazi." Ndinapukuta pamtambo. M'kati munali tebulo ndi mayi wina wovala suti, magalasi ali pamphuno. Ndinapereka moni, iye anayankha osadzutsa mutu, kenako khosi lake linayamba kutalika, linatalika, linadutsa tebulo lonse mpaka nkhope inafika pa khutu langa. Miyendo inatulukira pansi pa tebulo, yaitali, ya zala ziwiri. Inali nthiwatiwa.

"Muno ndi mwa zouluka," inatero. "Mwabwera ndi chiyani?"

"Mwana wanga wauluka ndi galimoto, mayi. Ndikufuna atsike."

"Chosalembetsa sichingatsike, chifukwa kwa ife sichinakwere. Muyambe mwailembetsa galimotoyo ngati mbalame. Mubweretse nthenga ziwiri, chithunzi cha chisa, ndi chikamba cha dzira limene inaswedwamo."

"Inali takisi, mayi."

"Ndiye dzira la takisi."

Ndinapapasa m'matumba, ndinapezamo nati imodzi ndi chingwe choyezera. Ndinafunsa mwaulemu kuti, kodi mayi, inuyo mumauluka? Inandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti iyo siuluka, imayang'anira. Ndiye inakankha fomu, fomuyo inayenda yokha patebulo n'kudzaima patsogolo panga, ikugwedeza ngodya.

"Ndilembeni msanga, ndili ndi ulendo," inatero fomu. "Funso ndi limodzi lokha. Womaliza kugwira phiko."

Cholembera chinali m'dzanja langa. Ndinaganiza za anthu onse amene amandilozera ana awo kuti uyo ndiye mmisiri, ndinaganiza za inu anzanga, mmene mungasekere pamsika wa matabwa mpaka Khirisimasi. Ndiye ndinalemba kuti: mwini wake, ndiye makaniko.

Khwa! Galimoto inatsala ngati nyemba.

Levulo inalankhula chapansipansi m'thumba muja. "Mphepo munainamizira, palibe kanthu, ilibe abale. Koma mwana, a Likongwe?"

Apa ndinachita manyazi, ndisakubisireni. Ndinafuna kufufuta koma fomu inali itathawa kale, ikuuluka ngati gulugufe. Nthiwatiwa inayang'ana wotchi, inati nthawi ya nkhomaliro yakwana, inatsegula dirowa n'kulowetsamo mutu. Ndinadikira pang'ono, ndinaona kuti situlukamo lero.

Mwadzidzidzi kunachita mdima wa mthunzi, ndipo nditayang'ana kum'mawa ndinaona madenga akubwera pamzere ngati akakowa. Anali madenga anga onse. Kutsogolo kunali la tchalitchi cha ku Thondwe, kumbuyo kwake la chigayo, la sukulu ya mkaka, la khola la nkhumba la a Mpinganjira, ndi la apongozi anga lija ndinakhoma chaka chimene ndinkafunsira. Ankaimba nyimbo yamalata, ija imamveka mvula ikamayamba. Anandizungulira, denga la tchalitchi linakonza kukhosi.

"Atate athu, takuonani. Tabwera kudzalandira mng'ono wathu."

"Mng'ono wanu ndani?"

"Wofiira uja. Mwamukhoma bwino zedi, dontho silingakhale pa iye. Ife tonse tamuyang'ana, ndi magazi athu enieni." Linaloza m'mwamba ndi ngodya. "Apo thambo limadontha, ndi chifukwa chake kumagwa mvula. Kuyambira kale tinkasowa chigamba cha saizi yake. Mukamukhome pamenepo, dziko lonse liume."

"Nanga mwana ali m'katimo?"

"Akhala pouma," linatero denga la apongozi.

Ndisaname, anzanga, ndinakondwera pang'ono. Munthu kupatsidwa ntchito yokhoma thambo, si aliyense. Ndinayamba kale kuwerengera m'mutu kuti palowa misomali ingati. Paja amati nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi, koma amene anaviikayo ndikhulupirira pa nthawiyo ankadziona wochenjera.

Madenga anati ntchito isanayambe payenera kubwera woyeza. Ndiye anatulukira bambo uja ali apoyo, wadazi uja wanyamula fayilo, amene akuyendera magalimoto panopa. Musamuloze, a Kamowa, si mlandu wake, anangolowa m'maloto a eni. Anabwera ndi ovolosi yoyera ndi chidindo m'manja, anayang'ana m'mwamba, anapeza mtanda umene wagwira thambo, ndiye anakwera n'kukoleka mapazi, mutu kuloza pansi. Makutu anakula, ovolosi inatambasuka n'kukhala mapiko achikopa, ndipo pamtandapo panalendewera mleme.

Galimoto inafika pafupi naye. Iye anaiyang'ana ali chozondoka choncho, anatsinzina diso limodzi.

"Mlomo wakutsogolo uli pansi," anatero. "Wakumbuyo uli m'mwamba. Ndi momwemo. Phiko ili lili bwino."

"Bwana," inatero levulo, itasuzumira m'thumba, "mukuonera chadodolido."

"Ndayeza magalimoto zaka zambiri ndili chonchi," anayankha mleme, "ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anabwerako kudzadandaula."

Madenga anaomba malata. Mleme anapumira pa chidindo chake kuti chinyowe, anasowa pepala, ndiye anandidinda pachipumi kuti pha! Anati nkhani yatha, aboma avomereza, mmisiri alibe mlandu, akhome. Hamala yanga inalumphira yokha m'dzanja langa n'kunena kuti iyo ndiye yakonzeka kale, ntchito yake siifunsa mafunso. Ndipo ndinamva kupepukidwa, poti chidindo chinali pamutu panga, aliyense akanatha kuwerenga.

Ndiye sindikudziwa kuti ndinayenda bwanji, koma ndinapezeka ndagwada pabuti ya galimoto, bondo limodzi uku, lina uku, monga ndikhalira pamsonga pa nyumba. Pamwamba panga panali chibowo cha thambo, chikudontha. Pansi sindinaone dziko, ndinangoona kadontho kobiriwira, ndipo levulo inandiuza kuti amenewo ndi mabulugamu. Ndinasolola msomali umodzi m'kamwa, ndinauimika pa phiko, ndinakweza hamala.

"Bambo," linatero phiko. Mawu ake anali aang'ono, otopa. "Musanamenye, ndifunseko. Pansi panga pamagona ndani?"

Ndinayang'ana pansi pake. Panalibe mphasa, panalibe thumba la chimanga, panali buti basi.

"Palibe," ndinatero.

"Ndiye mukunditchinjiriza ku chiyani? Ine si denga. Madzi akhale pa ine tsiku lonse, sindidandaula, galimoto ikanyamuka amachoka okha. Inu mwakhala moyo wanu wonse mukuletsa mphepo kugwira zinthu. Ine anandipanga kuti mphepo indigwire, indikankhire pansi, ndipo ine ndikankhe matayala. Mwandichotsa pamene mphepo imadutsa, mwanditembenuza nkhope, ndiye ndikugwira ntchito imene mwandipatsa. Ndikunyamula."

"Zinali zala ziwiri zokha."

"Denga mukaliphonya zala ziwiri, mumagona tulo?"

Mwadzidzidzi ndinaona maso a Ndaziona pa kagalasi koonera kumbuyo. Sanali okwiya. Anatsitsa windo, mphepo inalowa.

"Ababa, mwafika? Ndikuponda buleki koma palibe chogwira. Ndayesa giya iliyonse." Anapondanso buleki. "Mwina ndinalakwitsa kuwerenga mabowo. Ndinayesa ndawerenga bwino, koma mwina ndine."

Anzanga, ine kutalika sindikuopa, mukudziwa. Ndinaopapo kamodzi kokha. Ndaziona ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndikukhoma nyumba ina ku Namadzi, ndinacheuka n'kumupeza ali pamsonga kumbuyo kwanga, atakwera makwerero yekha, atanyamula kabotolo ka thobwa kuti andipatse. Ndinatsika naye ndikumuuza kuti gwira ndi manja awiri, mwanawe, gwira ndi manja awiri, botolo litaye. Mantha a tsiku limenelo ndi amene anandipeza pabuti paja, ndipo anabwera ndi ena oposa, chifukwa ulendo uno amene anamukweza ndinali ine, ndipo iye ankadziimba mlandu yekha.

Ndinaponya hamala, inagwa ikung'ung'udza. Ndinapisa m'thumba n'kupeza sipanala ija, ndinaiika pa nati, ndinakoka. Sinasunthe. Ndinakokanso ndi manja awiri, sipanala inauma gwa.

"Dzulo munandinyamula mobisa, m'kati mwa malaya," inatero. "Lero sindipota kanthu mpaka mwini galimoto amve."

"Tipote kaye, tikamba pansi."

"Pansi pake pati? Mukupaona?"

Chibowo cha thambo chinali chitayandikira, denga la galimoto litayamba kulowa. Madenga anakweza nyimbo. Mleme anafuula kuti chidindo chilipo, bambo, mukuvutikiranji. Ndinatsegula pakamwa kuti ndilankhule koma misomali inali itachuluka, sinalinso isanu, inali yodzaza mpaka kukhosi, ndipo zimene zinatuluka zinali mmm, mmm, ngati ng'ombe. Ndaziona anati, "Mwati bwanji, ababa?" Ndiye ndinawerama n'kulavula. Inatuluka misomali ya zaka makumi atatu ndi zinayi, inagwa ngati matalala pa madenga anga onse, ndipo ndinawamva akubooka limodzi ndi limodzi, la tchalitchi, la chigayo, la apongozi, nyimbo inasweka, anabalalika akudontha. Sindinawacheukire.

"Ndine, mwanawe," ndinatero. "Sunalakwitse. Ndinaligwira ndine."

Sipanala inaluma nati, nati inayamba kuyenda, ikulira kuti kwiii. Ndinakokanso, kwiii. Galimoto inagwedezeka, mphuno yake inayamba kuloza pansi, kadontho kobiriwira kaja kanayamba kukula, ndipo ine ndinkangokoka, kwiii, kwiii, koma ndikayang'ana dzanja langa munalibe sipanala, munali ngodya ya bulangete. Kulirako kunapitirira. Ndinatsegula maso, kunja kutayera, ndipo ndinalizindikira phokosolo. Linali geti lathu, lija ndakhala ndikunena kuti ndidzalithira oyilo.

Ndinavala malaya ndikuthamanga, ndi awa mukuwaonawa. Panja lole ya a Jumbe, imene inabwera kudzanyamula galimoto, inali italowa kale chambuyo, matabwa okwezera atatsitsidwa. Ndaziona anali atagwira geti, chipewa chake cholimba chili m'khwapa, lona likadali pagalimoto.

"Ababa, mwadzuka? Tachedwa, tikakumana komweko."

"Dikira," ndinatero. M'kamwa munalibe msomali ndi umodzi womwe, koma mawu analemera chimodzimodzi. "Phiko lija ndinaligwira dzulo. Panali madzi."

A Jumbe anazimitsa injini. Mwana anandiyang'ana, anapita kukavundukula lona, anaika zala ziwiri pansi pa mlomo wa phiko, n'kuwerenga mabowo ndi chikhadabo. Anakhala nthawi ataima pamenepo, msana uli kwa ine. Ndikanakonda akanakalipa. Mukuti akanaona yekha, a Kamowa? Mwina. Mwina akanaona pano potsitsa, mwina wadaziyo akanaona. Koma usiku wonse ndinali kumwamba ndi mwina ameneyo, ndipo ndakuuzani kuti pansi sipankaoneka.

Anatsegula chitseko, anatenga sipanala pansi pa mpando, n'kundipatsa.

"Bowo lachinayi kukwera, lachitatu kupendeka," anatero. "Mumange nokha, ababa. Ine ndiziwerenga."

Ndinakweza miyendo ija, iye akuti chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Ndinatembenuza phiko, mlomo wakutsogolo pansi, wakumbuyo m'mwamba. Anandiuza kuti ndiikepo levulo, ndinaika, kathovu kanathawira kumene sindinakalolepo kupita chiyambire ntchito yanga, ndipo ndinamanga manati kali komweko. Anayesa nati iliyonse ndi dzanja lake, sanapeze yofooka. Anati, "Kumanga kokha ndiye mumatha," ndipo ndinaona kuti pakamwa pake pakufuna kuseka koma mwini wake sanapalole.

Tikukankhira galimoto pamatabwa, kunayamba kuwaza kamvula. Pofika pamwamba pa lole, madzi anali atayamba kale kusonkhana pakati pa phiko, kadziwe kakang'ono, kakunjenjemera. A Jumbe, amene nyumba yawo ndinafolera ndine, analoza ndi chibwano.

"A Likongwe, apa madzi adikhatu apa."

Ndaziona anasiya kumanga chingwe n'kundiyang'ana. Zala zanga zinali zitayamba kale kuyabwa.

"Asiyeni," ndinatero, "pansi pake sipagona munthu."

Ndinapisa manja m'matumba pomwepo, ndipo onani, mpaka pano sindinawatulutse. Ndiwatulutsa akadutsa pa khona ija.